Sukulu za ana athu ku Joni: tilowe m'makomiti kapena tingokhala chete?

Nachisale (Kempton Park): Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna nzeru zanu, makamaka inu amene ana anu ali m'sukulu zomwe kale zinali za azungu okhaokha. Mnyamata wanga ali Grade 9. Sabata yatha kusukulu kwawo kunali tsiku la zikhalidwe, aliyense avale za kwawo, abweretse chakudya cha kwawo. Ndinamusoketsera malaya a chitenje, ndinakazinga mandasi ndi zitumbuwa, zithunzi zili pa Facebook ya sukulu, ana akuda ndi oyera atakolekerana manja. Zokongola ndithu. Koma mwana pobwera akuti, amayi, chithunzi mwachiona, koma kalasi ya A muli akuda anayi okha, kalasi ya E mulibe mzungu ngakhale mmodzi, ndipo pa detention Lachisanu timakhala ife tokhatokha. Aphunzitsi akuda alipo awiri, wina wa isiZulu, wina wa zamasewero. Tsopano sukulu yatumiza kalata yoti ikufuna makolo odzipereka alowe mu komiti yoona zothetsa tsankho. Ndilowe? Kapena ndikangomuputira mwana mavuto? Paja ine ndine mlendo m'dziko muno.

Che Jafali (Mayfair): Achemwali, kwa eni kulibe mkuwe. Mwana wapeza malo pasukulu yabwino, ena akulirira malo omwewo. Musiyeni amalize matric atenge pepala lake. Makomiti amenewa amawapanga nkhani ikatuluka m'nyuzi, akamwa tiyi kawiri katatu basi zathera pomwepo. Inu mukakakweza mawu, mawa lake ayamba kufunsa za permit yanu.

Mada (Braamfontein): Pepani a Jafali, ine ndine mwana kwa inu, koma sukulu ngati imeneyi ndaphunziramo mpaka matric, ndipo zoti "ingokhala chete" ndinkazimva kunyumba tsiku ndi tsiku. Makolo akakhala chete, wovutika ndi mwana. Mayi anga sanadziwe kuti aphunzitsi anandiuza ndisiye Maths nditenge Maths Literacy, masamu opepuka aja, ndili ndi 64 pa lipoti, pomwe mnzanga woyera wa 58 anamuuza kuti alimbikire, amupezera womuthandiza masana. Ndikanamvera bwenzi lero sindikuwerenga za uinjiniya, chifukwa ndi Maths Lit kumeneko salola. Amayi Nachisale, Grade 9 ndi chaka chosankha maphunziro a Grade 10. Komitiyo kaya mulowa kaya simulowa, koma fomu yosankhirayo musasaine musanaiwerenge bwinobwino.

Nachisale (Kempton Park): Mayo ine! Fomuyo ili pamwamba pa firiji pompano. Zikomo mwanawe.

Tembo (Diepsloot): Ine ndikuwerenga ndikungoseka. Kalasi ya A, kalasi ya E. Kwathu kuno mwana wanga wamkazi ali m'kalasi ya m'kontena, ana kudzaza mpaka pakhomo, desiki imodzi atatu. Mzungu sanamuonepo m'kalasi chiyambire sukulu, ndiye tsiku la zikhalidwe akakolekerana manja ndi ndani? Tsankho lenileni lili apa: kuchokera pakhomo panga kukafika ku Dainfern ndi ku Steyn City ndi pafupi, ndimakagwirako ganyu ya m'munda wa maluwa, koma sukulu za uko ndi zakuno kusiyana kwake nkosaneneka. Zanuzo ndi nkhani za anthu okhuta.

Aphunzitsi Gondwe (Zomba): Odi pagulu. Ine ndinapuma ntchito yauphunzitsi, koma adzukulu anga atatu ali konko ku Germiston, choncho nkhani imeneyi ndimaitsatira. A Tembo ndi amayi Nachisale, musaone ngati mavuto anu ndi osiyana, gwero lake ndi limodzi. Mu 1950 boma la tsankho linakhazikitsa lamulo la Group Areas logawa malo okhala potengera khungu. Mu 1953 linabweretsa lamulo la Bantu Education, motsogozedwa ndi Hendrik Verwoerd, yemwe ankanena poyera kuti palibe phindu lophunzitsa mwana wakuda masamu poti sadzawagwiritsa ntchito. Ndiye mwana wanga Mada akamanena za Maths Lit, ine thupi likuchita tsemwe, chifukwa maganizo omwewo angosintha malaya. Ndalama zomwe boma linkaononga pa mwana mmodzi woyera zinkaposa kambirimbiri zomwe linkaononga pa mwana wakuda, kwa zaka makumi anayi. Malaibulale, malabu, maiwe osambiramo ndi mabwalo a rugby omwe mumawaona m'sukulu za m'matauni anamangidwa nthawi imeneyo.

Tsono chakumapeto kwa tsankho, cha m'ma 1990 mpaka 1992, boma lomwelo linapatsa sukulu za azungu mwayi wodziyendetsa zokha, nkumatolera fizi kwa makolo. Ndiwo ma Model C amene mukuwatchulabe mpaka lero. Mandela atalowa mu 1994, lamulo la South African Schools Act la 1996 linatsegula zipata kwa mwana aliyense, koma linasiya mphamvu zambiri m'manja mwa komiti ya makolo ya pasukulu iliyonse, ija mumati SGB: fizi, chiyankhulo chophunzitsira, malamulo a kavalidwe ndi kakhalidwe, ngakhale kulemba aphunzitsi owonjezera ndi ndalama za fizi. Sukulu ya ku Diepsloot ilibe makolo oti angasonkhe ndalama zolembera aphunzitsi khumi owonjezera. Ya ku Kempton Park ili nawo. Apa ndiye pagona nkhani.

Tembo (Diepsloot): Aphunzitsi mwalongosola bwino, koma mbiri sidzaza mimba. Ine ndichite chiyani Lolemba?

Bambo a Chikondi (admin, Randburg): A Tembo dikirani, ndibwera kwa inu. Ndiyambe ndi funso la amayi Nachisale poti ine ndinakhalapo mu SGB ya pulayimale ya ana anga. Ndikuuzeni chilungamo: komiti yomwe akuitaniraniyo ilibe mano. Imangopereka maganizo, ahedi akafuna amva, akafuna aika m'kabati. Mano ali mu SGB. Lamulo limati makolo ndiwo azikhala ambiri mwa ovota mu SGB, ndipo zisankho zimachitika zaka zitatu zilizonse. Zomaliza zinali mu 2024, zikubwerazi ndi 2027. Pasukulu yathu ana akuda anali oposa theka, koma tsiku la chisankho mu holo munali makolo oyera okhaokha kupatula ife ochepa tinakhala kumbuyo. Chifukwa chake nchodziwikiratu: msonkhano unali 7 koloko madzulo pakati pa sabata, matekisi atasiya kuyenda, amayi ambiri akadali kuphikira ana a mabwana awo. Palibe amene anatitsekera chitseko. Nthawi yokhayo ndi imene inatisefa.

Chinthu choyamba chomwe ndinamenyera nditalowa sichinali cha tsitsi kapena cha aphunzitsi ayi. Chinali choti misonkhano ya makolo izichitika Loweruka m'mawa, ndipo uthenga uzibwera pa WhatsApp osati pa imelo yokha. Zinanditengera chaka chathunthu. Atavomera, holo inasintha mtundu. Ndipo msonkhano wa bajeti, umene makolo amavotera fizi ya chaka chotsatira, uja ambirife timauthawa, ndi umene umatipweteka kwambiri. Amene abwera ndi amene amavota. Mukakhala kunyumba, ena akweza fizi m'dzina lanu.

Che Jafali (Mayfair): Nanga mlendo amaloledwa kuvota?

Bambo a Chikondi (admin, Randburg): Ine ndinavota ndi pasipoti ya Malawi, ndipo ndinasankhidwa ndi pasipoti yomweyo. Anaona kuti dzina langa lili m'kaundula wa makolo a ana a pasukulupo.

Anaphiri (Capricorn, Cape Town): Zikomo a admin, izi sindimazidziwa. Koma ndionjezere pa mawu a Nachisale, nkhani si ya azungu okha. Kuno ku Kapa mu July 2024 ku Pinelands High kunatuluka kanema, ana a makaladi atatsekera anzawo akuda m'khola nkumachita ngati akuwagulitsa pamsika wa akapolo, kutchula mitengo akuseka. Ana obadwa dzulodzuloli! Ndiye wanga amakumana nazo mbali ziwiri. Kwa ena ndi wakuda, kwa akuda anzake ndi kwerekwere, dzina lonyoza alendo lija. Tsiku lina anabwera nkundiuza kuti ndisamamuyankhule Chichewa pageti ya sukulu. Ndinalira m'tekisi njira yonse.

Mada (Braamfontein): Pepani amayi. Ine ndinasintha dzina ndili Grade 5, ndinkati ndine Mandla. Mayi anga anadziwa atapita kukatenga lipoti.

Che Jafali (Mayfair): Mwaona? Izi ndi zomwe ndikunena. Amene amandivutitsa ine kuno si mzungu. Amene amaima pageti ya kiliniki nkumafunsa ID ndi wakuda mnzanga. Ndiye mukuti ndikamenyere nkhondo yoti aphunzitsi akuda achuluke, aphunzitsi omwewo adzamutche mwana wanga kwerekwere? Ine bola mzungu, amangofuna fizi yake basi.

Sisi Thoko (Nottingham): A Jafali, mawu anuwo ndawamvapo kwa Amalawi ambiri ngakhale kuno, ndipo mantha anu ndi oona. Koma taganizani, amene akukuthamangitsani pageti ya kiliniki akulimbirana nanu kamzere kamodzi komweko, pomwe wa medical aid ali kuchipatala china komwe kulibe mzere. Sukulu nchimodzimodzi. Malo akachepa ku Diepsloot, woyamba kulozedwa chala ndi mwana wa Mmalawi, osati amene anachititsa kuti malowo achepe.

Ndikuuzeni za kuno ku England. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ana ambiri a anthu ochokera ku Caribbean ankawatumiza kusukulu za ana omwe ankati ndi opereŵera nzeru, kungoti amayankhula Chingerezi cha kwawo. Makolo atazindikira sanadikire boma. Anayambitsa sukulu za Loweruka m'matchalitchi ndi m'maholo, kuphunzitsa ana awo masamu, kuwerenga ndi mbiri ya anthu akuda, uku akukokana ndi makhansala. Sukulu za Lowerukazo zilipobe. Koma musaganize kuti tsankho linatha. Mu 2020 ku Hackney mu London apolisi anavula mtsikana wakuda wa zaka 15 pasukulu pomwepo, aphunzitsi atamuganizira kuti akununkha chamba. Sanamupeze ndi kanthu, ndipo mayi ake sanaitanidwe. Lipoti lomwe linatuluka mu 2022 linati tsankho liyenera kuti linathandizira. Ine ndinaliwerenga ndili pa shifiti ya usiku, mwana wanga nthawi imeneyo ali ndi zaka 14. Kuyambira pamenepo msonkhano wa makolo sindiuphonya, ndimasinthana shifiti ndi mnzanga.

Gogo Nabanda (Lilongwe): Ana inu, ine zambirizi sindizitsata, koma za tsitsi zokha ndifunse. Ife tinkameta mpala tonse, anyamata ndi atsikana, ndipo tinaphunzira bwinobwino. Tsitsi lalowa bwanji m'nkhani ya tsankho? Mwana akapite kusukulu kukaphunzira, osati kukaonetsa mutu.

Mada (Braamfontein): Agogo, kukanakhala kuti onse akumeta mpala, bwenzi palibe nkhani. Vuto ndi loti mtsikana woyera amabwera ndi tsitsi lake mmene linamerera, lalitali mpaka kumsana, amangolimanga. Wakuda akabwera ndi lake mmene linamerera, akuti ndi losasamalika, akaliwongole ndi mankhwala. Ndi zimene zinabutsa mkwiyo ku Pretoria High School for Girls mu August 2016, atsikana atachita zionetsero pabwalo la sukulu. Chithunzi cha Zulaikha Patel, ali ndi zaka 13, atapingasa manja pamaso pa bambo wamkulu, chinazungulira dziko lonse. Atsikanawo ankadandaulanso kuti amaletsedwa kuyankhula ziyankhulo zawo pasukulu. A Panyaza Lesufi, omwe nthawi imeneyo ankayang'anira maphunziro mu Gauteng, anapita konko nkuimitsa ndime ya tsitsi m'malamulo a sukuluyo. Amene anayambitsa ndi ana a zaka 13, agogo, makolo anabwera pambuyo.

Aphunzitsi Gondwe (Zomba): Amayi Nabanda, ine ndinametapo ana ndi sizasi pa asembule, kudula kanjira pakati pamutu kuti akamalize kunyumba. Tonse tinkatero, tinkati ndi mwambo. Koma mudziwe kuti ngakhale kuno kwathu khoti linalowererapo. Mu May 2023 Justice Zione Ntaba wa High Court kuno ku Zomba anagamula kuti ana a Chirasta aloledwe m'sukulu za boma ndi madiredi awo. Ana ambiri anakhala kunyumba zaka chifukwa cha lamulo lomwe palibe ankadziwa kuti analilemba ndani. Ndipo poti tikukamba za kwathu, tisamaloze Joni yokha. Kamuzu Academy itatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, Ngwazi inkafuna aphunzitsi azungu okhaokha, Mmalawi ayi. Ifeyo aphunzitsi a nthawi imeneyo tinkaziona, koma ukanayankhula kwa ndani? Choncho a Jafali akamati bola mzungu, sindikuwadabwa. Tinaleredwa nazo.

Che Jafali (Mayfair): Aphunzitsi mwandigenda mwaulemu.

Tembo (Diepsloot): Tabwereranso ku tsitsi. Michael Komape anali ndi zaka 5 pomwe anagwera m'chimbudzi chokumba pasukulu yake ku Limpopo mu January 2014 nkufera momwemo.  Ndi mwana wa mzungu uti anafapo imfa yotero? A admin munati mubwera kwa ine.

Bambo a Chikondi (admin, Randburg): Ndabwera achimwene. Simukunama, ndipo amene amalimbana ndi zimenezi alipo. Bungwe la Equal Education linayambira ku Khayelitsha mu 2008, mamembala ake ambiri ndi ana a sukulu a m'makomboni. Ndi iwo amene anakokera nduna kukhoti mpaka mu November 2013 boma linasindikiza malamulo onena zomwe sukulu iliyonse iyenera kukhala nazo: madzi, magetsi, zimbudzi, makalasi olimba. Kukwaniritsa kwake kwakhala kwa kamba, masiku omwe anaika anadutsa, koma pepalalo lilipo ndipo ndi limene anthu amapita nalo kukhoti.

Kwa inuyo panokha pali ziwiri. Sukulu za boma anazigawa m'magulu asanu, ma quintile. Gulu 1 mpaka 3 salipiritsa fizi, ndipo boma limapereka ndalama zochulukirapo pa mwana aliyense kumeneko. Muli ndi ufulu wofunsa pamsonkhano wa makolo kuti ndalamazo zinabwera zingati ndipo zagwira ntchito yanji. Chachiwiri, mu Gauteng polembetsa Grade 1 ndi Grade 8 pa intaneti, saona adiresi ya kunyumba yokha. Kale ankangoyang'ana makilomita 5 kuzungulira sukulu, zomwe zinkatanthauza kuti malire a Group Areas akugwirabe ntchito mwakachetechete. Kuyambira 2019 anasintha: oyamba ndi okhala m'dera la sukulu, kenako amene ali ndi m'bale wake pasukulupo, kenako amene kholo lake limagwira ntchito m'deralo, kenako okhala mkati mwa makilomita 30. Inu mumagwira ntchito ku Dainfern, m'dera la Fourways. Kalata ya abwana anu ndi adiresi imeneyo.

Tembo (Diepsloot): Ndiye akalowa kumeneko fizi ndilipira ndi chiyani? Ndi maluwa?

Bambo a Chikondi (admin, Randburg): Pali fomu yopempha kuchotseredwa fizi. Ngati fizi ya pachaka ikufika 10 peresenti ya ndalama zomwe makolo onse awiri amapeza pachaka, simulipira kalikonse. Ikachepera apo akhoza kukuchotserani gawo. Sukulu zambiri fomu imeneyi siziionetsa, muyenera kuifunsa ndi pakamwa panu ku ofesi. Lamulo limaletsanso sukulu ya boma kukana mwana chifukwa kholo silingathe kulipira, kumulembetsa mayeso olowera, kapena kumumana lipoti chifukwa cha ngongole ya fizi. Koma ndisakunamizeni, yunifolomu, thiransipoti ndi maulendo a sukulu zimatsalabe pamutu panu, ndipo blazer yokha imatha kudya malipiro a sabata.

Nachisale (Kempton Park): Za lipotizo anandichitapo chaka chatha! Mayi wa ku ofesi analiika pansi pa kauntala nkunena kuti ndikamaliza ngongole ndidzalitenge. Ndinabwerera manja lendelende, ndikuganiza kuti ndi lamulo.

Mada (Braamfontein): Palinso msampha wina umene sitinautchule, chiyankhulo. Sukulu ikangoti ife timaphunzitsa mu Afrikaans basi, yatseka geti popanda kutchula khungu la munthu. Mu January 2018 ku Hoërskool Overvaal ku Vereeniging, boma linafuna kulowetsa ana 55 ophunzira mu Chingerezi, sukulu inakana kuti malo palibe, khoti linagwirizana ndi sukulu, panja pageti panali zipolowe. Chaka chotsatira kunatuluka chithunzi cha ku Schweizer-Reneke, kalasi ya Grade R, ana oyera patebulo lalikulu, ana akuda ochepa pakatebulo kawo pakona. Anati anawapatula chifukwa sadziwa Afrikaans. Tsiku loyamba la sukulu m'moyo wawo!

Sisi Thoko (Nottingham): Koma Mada, ndifunse ngati mlendo, kodi Mabunu alibe ufulu wophunzitsa ana awo m'chiyankhulo chawo? Ife timadandaula kuti ana athu ataya Chichewa.

Mada (Braamfontein): Ali nawo, anti, ndipo oyankhula Afrikaans ambiri si azungu nkomwe, ndi makaladi. Koma sukulu ndi ya boma, yomangidwa ndi misonkho ya aliyense. Khoti lalikulu la malamulo linanena kale pa mlandu wa Hoërskool Ermelo mu 2009 kuti SGB posankha chiyankhulo isamangoganizira ana omwe ali kale mkati, iganizirenso ana a m'dera lonse. Ndi zimenenso anakanganirana pa lamulo la BELA, losintha malamulo a sukulu. A Ramaphosa analisaina pa 13 September 2024 koma anaimika kaye ndime 4 ndi 5, za kalembedwe ka ana ndi za chiyankhulo, chifukwa chipani cha DA ndi mabungwe a Mabunu anakwiya, nduna ya maphunziro yeniyeniyo, a Siviwe Gwarube, osapita nkomwe kumwambo wosainira. Mu December chaka chomwecho ndime zonse zinayamba kugwira ntchito. Tsopano akuluakulu a maphunziro m'chigawo ali ndi mawu omaliza pa zolemba mwana, ndipo malamulo a sukulu ayenera kulemekeza chikhalidwe ndi chipembedzo cha ana. A Jafali, izi zikukhudzanso hijab ya mwana wanu.

Che Jafali (Mayfair): Wanga ali kusukulu ya Chisilamu, hijab si vuto. Koma poti mwandiputa ndinene. Kumenekonso ana a Amwenye ndi ana athu sakhala mofanana. Tonse timaswali mzere umodzi Lachisanu, koma mwana wanga sanaitanidwepo kunyumba kwa mnzake wa m'kalasi ngakhale kamodzi, ndipo amamutchula dzina la wantchito wa kunyumba kwawo. Ndimangomuuza kuti pirira. Sindikudziwa kuti komiti ingakonze bwanji zimenezo.

Aphunzitsi Gondwe (Zomba): Komiti singakakamize munthu kuitana mwana wanu kunyumba kwake, a Jafali, apo mwanena zoona. Koma zina ingathe. Amayi Nachisale, mukalowa musakataye nthawi ndi nyimbo ndi zovala. Kafunseni manambala. Chaka chino ana angati alandira detention, ndipo ndi a mtundu wanji? Oimitsidwa sukulu ndi angati? Amene akutenga Maths ndi Physical Sciences mu Grade 10 ndi ndani? Amaika bwanji mwana mu kalasi ya A, ndipo akalimbikira angatuluke mu E? Ntchito ya uphunzitsi ikapezeka amailengeza kuti? Ine ndakhala mu staff room zaka zambiri, ndikudziwa kuti mphunzitsi akhoza kukana kuti alibe tsankho mpaka kulumbira, ndipo mumtima mwake akukhulupiriradi choncho. Koma buku la zilango silinama. Ndipo musakapite nokha. Kapezeni mayi wa Chizulu, bambo wa ku Zimbabwe, ngakhale mzungu mmodzi womva zinthu, alipo ndithu. Mukakhala nokha adzati ndi mayi wovuta uja wa ku Malawi.

Nachisale (Kempton Park): Aphunzitsi, mafunso anuwo ndawakopera m'kope. Pali mayi wina wa ku Tembisa timadikira limodzi ana pageti, ndimuyankhula mawa. Ndilowa, koma diso langa lili pa 2027.

Che Jafali (Mayfair): Mulungu akutsogolereni achemwali. Ine maganizo anga sanasinthe, koma mudzatiuze.

Anaphiri (Capricorn, Cape Town): A admin, ndibwerere pa za mapepala zomwe a Jafali ananena poyamba, chifukwa enafe ndi pomwe pali mantha athu. Mng'ono wanga wabwera ndi mwana wa zaka 7, alibe birth certificate, alibe permit. Sukulu ziwiri zamubweza. Akuti makompyuta awo salola.

Bambo a Chikondi (admin, Randburg): Akumunamiza. Mu December 2019 High Court ya ku Makhanda ku Eastern Cape inagamula pa mlandu womwe anasuma a Centre for Child Law kuti mwana aliyense amene ali m'dziko muno ali ndi ufulu wophunzira, kaya ali ndi mapepala kaya alibe. Unduna unatumiza kalata kusukulu zonse mu 2020 yonena zomwezo. Pomwe palibe birth certificate, sukulu ilandire affidavit, kalata yolumbira ya kholo yonena dzina la mwana ndi tsiku lobadwa. Akakana, awauze kuti alembe kukanako papepala ndi chifukwa chake, nthawi zambiri akangomva zolemba amasintha nkhope. Zikakanika apite ku ofesi ya district, kapena ku Scalabrini Centre mu tauni momwemo, amathandiza alendo pa nkhani zoterezi.

Tembo (Diepsloot): Affidavit imeneyo ndi yomwenso ndingagwiritse ntchito pa fizi? Abwana anga amandipatsa ndalama pamanja, payslip sindinaionepo.

Bambo a Chikondi (admin, Randburg): Eya, mulembe zomwe mumapeza pamwezi, ndipo abwanawo akalola alembe kakalata kotsimikiza. Amadinda kupolisi, ndi ulere.

Anaphiri (Capricorn, Cape Town): Kupolisi? Mng'ono wangayo masiku a m'pasipoti mwake anatha mu March. Mukuti akalowe yekha pa siteshoni atanyamula pasipoti imeneyo m'manja?

Bambo a Chikondi (admin, Randburg): Ayi, asapite kumeneko. Si apolisi okha amene amadinda, maloya nawonso ali ndi chidindo chomwecho. Ayambe wapita ku Scalabrini akamuuze wodinda amene angamuthandize. Pali wina pagulu pano wa ku Kapa amene angamuperekeze mkati mwa sabata? Anaphiri masana amakhala ali kuntchito.

Nangozo (Dunoon): Ine Lachinayi ndili off. Anaphiri nditumizireni nambala yake ku inbox, ndipo mumuuze atenge kabuku ka kusikelo ka mwanayo ngati anabwera nako, kamene kaja kali ndi tsiku lobadwa.